Ceftriaxone mpaka liti? Tithandizane kalondolondo wa maantibayotiki m'mawodi

Wapamankhwala
Anzanga, ndikufuna nzeru zanu. Komiti ya mankhwala pachipatala pathu yandipatsa ntchito yolondoloza mmene maantibayotiki akugwiritsidwira ntchito kwa odwala ogonekedwa, ndipo akufuna lipoti mwezi ndi mwezi. Chomwe ndili nacho ndi buku la stoko basi: mabotolo a ceftriaxone atuluka angati, apita wodi iti. Nambala ikukwera, koma siikundiuza kanthu. Kaya odwala achuluka, kaya akukhalitsa pa jakisoni, kaya akubayidwa anthu osafunika kubayidwa, bukulo lili chete. Inu amene munaigwirapo ntchitoyi, mumayang'ana chiyani kwenikweni? Nanga mumatani kuti madokotala asakuoneni ngati wapolisi?

SistaWaUsiku
Funso lachiwirilo ndiye lovuta. Loyambalo n'kungobwera mu wodi n'kutsegula mafayilo.

Gogo_CO
A Sista sakuseka ayi. Buku la stoko limanena zimene zatuluka pakhomo la famase, osati zimene zalowa m'thupi la munthu. Yambani ndi kafukufuku wa tsiku limodzi. Bungwe la WHO lili ndi ndondomeko yake, ndipo ya Global-PPS, yomwe inayamba mu 2015, imayenda mofananako. Mumasankha wodi n'kuwerenga onse amene ali pabedi pofika 8 koloko m'mawa, olandira maantibayotiki ndi osalandira omwe. Osalandirawo musawasiye, chifukwa popanda iwo simungadziwe kuti pa odwala 100 alionse ndi angati ali pa mankhwala.

Kenako kwa aliyense amene ali pa antibayotiki mulembe dzina la mankhwala, mlingo, ngati akubayidwa kapena akumwa, ndi tsiku lomwe anayamba. Muone ngati chifukwa chake chalembedwa mu fayilo, ngati pali tsiku losiya kapena lowunikanso, ngati magazi kapena mafinya anapita ku labu mankhwala asanayambe, ndiponso ngati zikugwirizana ndi malangizo a chipatala chanu. Wodi imodzi ithere tsiku lomwelo. Dzina la wodwala lisalowe pa fomu, ndipo pa lipoti loyamba la dokotala lisalowenso.

Pa zonsezi, mafunso awiri ndiwo amavundukula zambiri: chifukwa chalembedwa? Tsiku losiya lilipo? Ena onsewo amangowonjezera.

Wophunzira_Y4
Pepani akuluakulu, ife kusukulu anatiphunzitsa za DDD. Kodi sizingawathandize a Wapamankhwala ndi buku la stoko lomwelo?

Kawerengera
Zingathandize, achimwene, koma pang'ono. DDD ndi mlingo wongoyerekeza wa munthu wamkulu pa tsiku, ndipo wa ceftriaxone ndi 2 g. Ndiye mumatenga magalamu onse amene atuluka mwezi umenewo, kugawa ndi 2, kenako kugawa ndi masiku onse amene odwala agona pabedi, n'kuchulukitsa ndi 100. Mukatero funso loti kaya odwala achuluka layankhidwa, chifukwa mwaligawa kale.

Vuto lake ndi ili. Wodwala meninjaitisi amene akulandira 4 g pa tsiku amawerengedwa ngati anthu awiri, pomwe dokotala sanalakwitse kanthu. Wolandira 1 g amaoneka ngati theka la munthu. Ku wodi ya ana ndiye DDD siigwira n'komwe, poti mlingo umayendera kulemera kwa mwana. N'chifukwa chake ena amakonda kuwerenga masiku a mankhwala: tsiku lililonse limene wodwala walandira antibayotiki wina wake ndi tsiku limodzi, mlingo ukhale waukulu kapena waung'ono. Ali pa awiri, masiku awiri. Koma izi zimafuna tchati, si buku la stoko. Ine ndingati DDD muisunge kuti muziona kukwera ndi kutsika pa chaka, koma musapite nayo kwa dokotala n'kumuuza kuti akulakwitsa.

MpeniWakuthwa
Ndiyankhuleko ine wa ku fiyeta, poti ndikudziwa kuti lipoti likatuluka chala chiloza kwa ife. Inu mumawerenga mabotolo, ife timawerenga mabala. Bala likatukusira, mimba n'kutseguka tsiku lachisanu, palibe wa komiti amene amabwera kudzaima nane pamaso pa achibale. Malangizo oti pa opaleshoni tizibaya jakisoni mmodzi yekha woteteza bala analembedwa ndi anthu amene makina awo ophera tizilombo pa zida safa, madzi sasowa, ndipo bedi lililonse lili ndi munthu mmodzi. Ine ndimapereka masiku asanu opaleshoni ikatha ndipo ndimagona tulo.

SistaWaUsiku
Inu mumagona tulo, adokotala. Obaya masiku asanuwo ndife.

Wapamankhwala
Adokotala, sindikufuna kuloza chala. Koma ndithandizeni: masiku asanuwo ndi a aliyense, ngakhale chophuka chosavuta?

MpeniWakuthwa
Pafupifupi aliyense, inde.

Dr_Kachilombo
Anzanga a MpeniWakuthwa, mantha anuwo ndikuwamvetsa, koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Mukatsegula mimba n'kupeza matumbo aboola kapena mafinya ali thoo, amenewo ndi matenda kale. Perekani mankhwala kwa masiku, palibe angakutsutseni, bola mulembe kuti ndi peritonitis ndi tsiku lowunikanso. Koma chophuka, siza yosavuta, kuchotsa chotupa chosatukusira, pamenepo mukuteteza, simukuchiza. Chitetezocho chimagwira pa nthawi imene bala lili lotsegula. Malangizo a WHO a 2016 a kapewedwe ka matenda a pabala la opaleshoni amati mankhwala aperekedwe mkati mwa mphindi 120 mpeni usanadule, ndipo zipatala zambiri zimatsata mphindi 60 pa mankhwala ngati cefazolin. Amanenanso momveka kuti asapitirizidwe opaleshoni ikatha. Opaleshoni ikatalika kapena magazi akataika ambiri, mumawonjezera mlingo wina muli momwemo m'fiyeta.

Zida zikakhala kuti sizinawiritsidwe bwino, ceftriaxone wa tsiku lachinayi sazikonza. Chimene amachita n'kupha tizilombo tomva mankhwala n'kusiyira malo tizilombo tosamva mankhwala monga Klebsiella ndi E. coli za mtundu wotchedwa ESBL, zomwe ceftriaxone sazikhudza. Bala likadzatukusira ndi zimenezo, mutsala ndi meropenem, antibayotiki wamphamvu kwambiri, ngati alipo.

Ndiye a Wapamankhwala, ku maopaleshoni musangowerenga masiku. Yang'anani pa pepala la wogonetsa: jakisoni anabayidwa nthawi yanji, mpeni unadula nthawi yanji. Kawirikawiri mupeza kuti woyamba anaperekedwa wodwala atabwerera kale mu wodi. Ndiye kuti walandira masiku asanu koma waphonya ola limodzi lomwe linali lofunika.

MpeniWakuthwa
Za nthawi ya jakisoni woyambayo sindikutsutsa, zimachitikadi. Koma kuti ndisiye masiku asanu, a komiti awerengenso mabala otukusira, asanasinthe ndi atasintha. Asandibweretsere pepala loti ceftriaxone watsika popanda kundiuza kuti odwala anga ali bwanji.

Gogo_CO
Apa ndiye mwanena zolemera. Lipoti lililonse likhale ndi mbali ziwiri: mankhwala, ndi zomwe zachitikira odwala. Imfa, mabala otukusira, obwereranso kudzagonekedwa, obwezeredwa pa jakisoni atayamba mapiritsi. Popanda zimenezi palibe dokotala angakukhulupirireni, ndipo sakulakwa.

MayiWaAna
Ine ndili ndi nkhawa ina. Ntchito zoterezi zikayamba, achinyamata amayamba kuopa kulemba. Khanda la masiku atatu lasiya kuyamwa, likupuma mobanika, thupi lazizira. Pamenepo sitidikira labu, sitidikira komiti. Ampicillin kapena benzylpenicillin pamodzi ndi gentamicin, nthawi yomweyo. Chimodzimodzi wamkulu amene BP yatsika chifukwa cha sepsis, kudwala koopsa kobwera tizilombo tikasokoneza thupi lonse, malangizo amati alandire mkati mwa ola limodzi. Chonde kalondolondo wanuyo asadzachedwetse jakisoni woyamba wa munthu wotere.

Dr_Kachilombo
Tili limodzi, amayi. Kuyamba mankhwala usiku, wodwala ali kayakaya, zotsatira palibe, n'chinthu chomwe sindingamudzudzulire munthu. Mlandu umakhala pa tsiku lachitatu. Pakadutsa maola 48 mpaka 72 tadziwa zambiri: malungo apezeka, kapena chithunzi cha pachifuwa chaonetsa mtima wotupa osati chibayo, kapena makhololo atsimikiza TB. Pamenepo payenera kukhala chisankho cholembedwa: tisiye, tisinthe, tichepetse mphamvu, tipite pa mapiritsi, kapena tipitirize mpaka tsiku lakuti. Chimene chimachitika n'choti palibe amasankha. Amene analemba pogoneka wodwala ali wodi ina, wa raundi akungolemba kuti apitirize zomwe akulandira, ndipo mankhwala amatha tchati ikadzaza. Ngati komiti ili ndi mphamvu zoyang'ana chinthu chimodzi chokha, iyang'ane chimenecho.

MayiWaAna
Bola choncho. Ndiwonjezere za ana: pa fomu pakhale malo olemba kulemera. Mlingo wa gentamicin wopanda sikelo ndi kungolota, ndipo akapyola amawononga impso ndi makutu. Muonenso makanda achikasu amene apatsidwa ceftriaxone, kapena olandira ceftriaxone pamodzi ndi diripi yokhala ndi calcium. Zimenezo n'zoopsa lero lomwe, osati zaka zikubwerazi.

LabuChete
Mwatitchula a labu, ndiye tiyankheko. Mabotolo a magazi omeretsera tizilombo amabwera wodwala atalandira kale jakisoni kawiri, katatu, kenako mumadabwa kuti sipanamere kanthu. Ena amabwera ndi timadontho, pomwe botolo la wamkulu limafuna 8 mpaka 10 ml. Mkodzo umatungidwa m'thumba la kafeta (kapaipi kotulutsira mkodzo) lomwe lakhala likulendewera, ndiye mumera chilichonse, ndipo wodwala wopanda chizindikiro chilichonse amayambitsidwa ciprofloxacin. Mabakiteriya mu mkodzo popanda zizindikiro sachizidwa, kupatula mayi woyembekezera ndi munthu wokachitidwa opaleshoni ya njira ya mkodzo. Chowawa kwambiri: zotsatira zimatuluka, zikunena poyera kuti kachilombo sikakumva ceftriaxone, koma pepala lili m'bokosi lathu ndipo wodwala akubayidwabe yemweyo.

Wophunzira_Y4
Koma foni ya ku labu imayankhidwa? Ndikungofunsa.

LabuChete
Imayankhidwa ngati mmene ya ku wodi imayankhidwira.

SistaWaUsiku
Ya ku wodi timayankha ndi dzanja liti? Lina lili pa kanyula, lina pa tchati yosawerengeka. Kunena zoona, malembedwe a madokotala ena paokha akufunika komiti. Pali ena ceftriaxone ndi cefuroxime amalemba mofanana, kamzere kamodzi kokhotakhota.

MpeniWakuthwa
Ine ndimalemba bwino.

SistaWaUsiku
Onse amatero, adokotala.

Kawerengera
Kwathu atabweretsa makompyuta tinkati vuto latha. Malembedwe anathadi, koma kunabwera kukopera. Munthu amangotenga za dzulo n'kuziika lero, ndiye antibayotiki amayenda ndi wodwala mpaka tsiku lotuluka.

Mlonda_wa_Gulu
Abale, za mafoni ndi malembedwe mutsegulire mutu wake. Tibwerere kwa a Wapamankhwala.

SistaWaUsiku
Chabwino, ndibwerere ndi zenizeni. Nonse mukukamba za kupereka mopyola, koma palinso kuperewera, ndipo buku la stoko silingakuonetseni. Mankhwala a kanayi pa tsiku ngati benzylpenicillin, mlingo wa pakati pa usiku umadumphidwa kawirikawiri: kanyula yatuluka ndipo mitsempha sikuoneka, namwino ali yekha, kapena mankhwala atha m'kabati ndipo famase yatseka. Pa tchati pamangokhala mpata. Dokotala m'mawa akuona thupi likutenthabe, akuti mankhwala akanika, n'kusinthira amphamvu, pomwe oyambawo sanaperekedwe mokwanira. Ndiye powerenga muziwerenganso mipata imeneyi, ndipo mufunse chifukwa chake musanaweruze. Ndinenenso mosabisa: ceftriaxone amakondedwa chifukwa ndi kamodzi pa tsiku. Mukamauza madokotala kuti abwerere ku mankhwala a kanayi pa tsiku, muuzenso akuluakulu kuti usiku manja ndi ochepa.

Dr_Kachilombo
Mfundo imeneyi ilowe mu lipoti momwe yanenedweramo. Ndipo mpumulo wa anamwino uli pa mapiritsi. Wodwala amene akudya, sakusanza, thupi lazizira kwa maola 24 kapena kuposa, kuthamanga kwa mtima ndi kapumidwe zabwerera m'malo, ambiri otere safunikanso jakisoni. Metronidazole wakumwa amalowa m'magazi pafupifupi yense, ciprofloxacin ndi cotrimoxazole amalowanso bwino kwambiri. Koma mupeza munthu akuyendayenda panja, madzulo n'kudzagona kuti amuike diripi ya metronidazole. Osasinthidwa msanga ndi a meninjaitisi, matenda a mavalavu a mtima, kachilombo ka Staphylococcus aureus m'magazi, ndi mafinya akuya amene sanatulutsidwe.

Mlezi
Pepani, ine si wachipatala, ndimangowerenga kuno. Mayi anga atagonekedwa ndi chibayo anawabaya masiku awiri kapena atatu, kenako anawachotsa kanyula n'kuwapatsa mapiritsi. Palibe anatifotokozera. Ife tinkaganiza kuti jakisoni watha, kapena atitaya. Mchemwali wanga anakangana ndi anamwino mpaka mawu anakwera. Ndiye kuti zinali zoyenera?

Gogo_CO
Pepani ndi zomwe munadutsamo. Fayilo sitinaione, koma mmene mwafotokozeramu zikumveka ngati mayi anali akupeza bwino, ndipo kusinthako kunali chizindikiro chabwino. Chibayo chosavuta cha munthu wamkulu nthawi zambiri masiku 5 amakwana, ndipo sikuti onsewo akhale a jakisoni. Kanyula ikakhalitsa mtsempha umatupa, ndipo ndi khomo lolowera tizilombo m'magazi. Maantibayotiki akachuluka amaphanso mabakiteriya abwino a m'matumbo, mpaka ena amatsegula m'mimba koopsa ndi kachilombo kotchedwa Clostridioides difficile, makamaka okalamba. Cholakwika chinali kusakuuzani.

Mlezi
Zikomo bambo. Akanatiuza choncho sipakanakhala phokoso.

SistaWaUsiku
Ndipo phokoso lotere ndi limene limapangitsa ena kusiya kanyula ilipo kuti pakhale mtendere.

Wapamankhwala
Ndikulemba zonsezi. Funso lina: a komiti akufuna ndiziika maperesenti a magulu a maantibayotiki otchedwa AWaRe, ndipo akuti wodi iliyonse ifike 60. N'zotheka?

Kawerengera
Magulu a AWaRe anawakhazikitsa a WHO mu 2017. Access ndi oyambira pa matenda ofala, monga amoxicillin, ampicillin, benzylpenicillin, cloxacillin, cefazolin, gentamicin, metronidazole, doxycycline, cotrimoxazole. Watch ndi ofunika kusamala nawo kwambiri, muli ceftriaxone, ciprofloxacin, azithromycin, meropenem, vancomycin. Reserve ndi osungira pomaliza, monga colistin ndi linezolid. Cholinga chinali choti maperesenti osachepera 60 a maantibayotiki onse akhale a Access, ndipo pamsonkhano wa United Nations wa 2024 mayiko anagwirizana zofika 70 pofika 2030.

Koma nambala imeneyo ndi ya dziko lonse, kuphatikizapo odwala oyendera, omwe ndiwo amamwa maantibayotiki ochuluka. Kuikakamiza pa wodi ya odwala kayakaya n'kulakwitsa, poti kumeneko Watch amafunikadi. Ndipo n'kosavuta kuinamiza: kungowonjezera metronidazole wosafunika pa aliyense, peresenti ya Access yakwera, odwala alandira mankhwala ambiri kuposa kale. Wodi iliyonse muziiyerekeza ndi mmene inalili yokha miyezi yapitayo.

Wophunzira_Y4
Bwanji osangotseka? Watch yense azituluka ndi siginecha ya dokotala wamkulu basi.

MayiWaAna
Dokotala wamkuluyo 2 koloko usiku mumupeza kuti? Mwana wa meninjaitisi adikire siginecha?

Gogo_CO
Kutseka kumagwira pa mankhwala ochepa, monga meropenem ndi a Reserve, ndipo ngakhale pamenepo mlingo woyamba uzituluka popanda chilolezo, chilolezocho chifunike kuti apitirize mawa lake. Mukatseka ceftriaxone yense, anthu amaphunzira mawu otsegulira. Aliyense amasanduka wa sepsis pa pepala, kapena onse amathamangira ciprofloxacin, ndiye lipoti lanu likuoneka bwino pomwe vuto langosamuka.

Dr_Kachilombo
Pa funso la upolisi lija, a Wapamankhwala: musatumize kalata, bwerani pa raundi. Kawiri pa sabata pa wodi imodzi n'kokwana poyamba. Sankhiranitu mafayilo a amene apyola maola 72, amene ali pa maantibayotiki awiri kapena atatu, ndi amene zotsatira zawo zatuluka. Pitani ndi zotsatirazo m'manja. Muime pabedi ndi amene akusamala wodwalayo n'kufunsa kuti, awa tikuchiza chiyani, ndipo tisiya liti? Chisankho chikhale chake, inu mungolemba kuti malangizo analandiridwa kapena ayi. Akakana, funsani chifukwa, poti nthawi zina amadziwa chimene fayilo sinanene. Zotsatira za kafukufuku muyambe kuonetsa wodi yeniyeniyo musanapite nazo ku komiti. Munthu akamva koyamba za wodi yake pamsonkhano wa akuluakulu, mwamutaya.

LabuChete
Ife tingathandize ndi tebulo la pachaka losonyeza tizilombo tomwe tikupezeka pachipatala ndi mankhwala amene tikumva. Kungoti muliwerenge mosamala. Ngati magazi amatumizidwa kwa okhawo amene mankhwala akanika kale, tebulo lidzaonetsa kusamva mankhwala kochuluka kuposa mmene zilili, ndipo anthu adzathamangira meropenem pachabe. Kachilombo kakapezeka kosakwana ka 30 pa chaka, peresenti yake musaidalire.

MpeniWakuthwa
Raundi yathu imayamba m'mamawa ndipo sitiima nthawi yaitali pabedi limodzi. Wa ku famase akafika tili kale ku fiyeta asadzati tinamuthawa.

Wapamankhwala
Ndamva, adokotala. Ndiyamba ndi kafukufuku wa tsiku limodzi ku wodi ya amuna ndi ya maopaleshoni, ana adzabwera pambuyo ndikapeza fomu yokhala ndi kulemera. Ndipemphanso komiti kuti tchati yatsopano ikhale ndi mabokosi awiri pafupi ndi dzina la antibayotiki, la chifukwa ndi la tsiku lowunikanso. Chomwe sindinamvetse: tsikulo likakwana dokotala osabwera, namwino asiye kupereka kapena apitirize?

Dr_Kachilombo
Pa chitetezo cha opaleshoni, asiye, chifukwa chinalembedwa kuti ndi kamodzi. Pa ena onse asasiye yekha. Zipatala zina zili ndi lamulo loti mankhwala aziima okha tsiku likakwana, koma wodwala meninjaitisi kapena matenda a m'mafupa angaimitsidwe pakati Loweruka, n'kudzazindikirika Lolemba.

SistaWaUsiku
Ndiye pa tchatipo muikenso bokosi lachitatu, loti namwino alembe nthawi imene anaitana dokotala ndi amene anayankha. Komanso komiti inene poyera kuti woyamba akapanda kubwera tiziitana ndani, chifukwa kumapeto a sabata funso limenelo lidzabuka pa bedi loposa limodzi.